Leo Baekeland: mwana wa wosoka nsapato amene adapanga chinthu chosawola

Amene adaimapo pamalo ophera mbuzi pa Mponela tsiku la msika akudziwa zimene zimatuluka ogulitsa nyama akang'amba chifu. Pamodzi ndi udzu ndi makoko a chimanga mumatuluka majumbo opotana ngati chingwe, ena akadali ndi mtundu wake wabuluu. Pa nthawi imene Gloria Majiga-Kamoto wa bungwe la CEPA ankamenyera nkhondo lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala, chiwerengero chimene chinkatchulidwa kawirikawiri chidali cha pa Mponela pomwepa: pa ziweto 10 zilizonse zophedwa, pafupifupi 4 zinkapezeka ndi pulasitiki m'mimba.

Kutali ndi mapiri a Dowa ndi Ntchisi, m'nyanja zikuluzikulu zamchere, akatswiri akupeza zomwezi m'nyama zimene ambiri a ife tidangoziona pa kanema, monga madolofini ndi anamgumi. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko pulasitiki yambiri imene ikupezeka ndi yonyenyeka, tizidutswa tosaoneka bwino ndi maso. Tikupezeka m'matumbo, m'mafuta, ngakhale mumpweya umene nyamazi zikupuma.

Chinthu chimene mbuzi ndi dolofini zikumezachi chili ndi tsiku limene chidabadwa, ndipo ali ndi dzina amene adachiyambitsa. Ndi Leo Hendrik Baekeland, katswiri wa kemisitile amene m'chaka cha 1907 adapanga pulasitiki yoyamba yochokera ku mankhwala okhaokha, popanda kuyambira ku mtengo, thonje kapena nyama. Iye ankafunafuna chinthu chosasungunuka. Adachipeza, ndipo ubwino umene adaufunawo ndi womwe watisautsa lero.

Ubwana wa ku Ghent

Baekeland adabadwa pa 14 Novembala 1863 mumzinda wa Ghent m'dziko la Belgium. Bambo ake adali osoka nsapato, mayi ake ankagwira ntchito m'nyumba za anthu olemera. Bambowo ankafuna kuti mwana aphunzire luso la nsapato ali ndi zaka 13, monga momwe makolo ambiri kuno angafunire kuti mnyamata ayambe kuthandiza ku fodya m'malo mopita ku sekondale. Mayi ndi amene adakakamira sukulu. Poyendayenda m'nyumba za mabwana awo adaona chimene maphunziro amachita, ndipo sadalole kuti mwana wawo athere pa benchi yosokera.

Mnyamatayo ankalowanso makalasi a madzulo pa sukulu ya zaluso ya mumzindawo, komwe adakonda kemisitile ndi kujambula zithunzi. Khonsolo ya mzinda wa Ghent idamulipirira sukulu, ndipo mu 1880 adalowa yunivesite ya Ghent. Pofika zaka 21 adali atatenga digiri ya udokotala wa sayansi. Adaphunzitsako ku Bruges, kenako adabwerera ku Ghent kukaphunzitsa pa yunivesite pomwe adaphunzira. Mu 1889 adakwatira Céline Swarts, mwana wa pulofesa wake yemwe, Théodore Swarts.

Apongozi ake ankayembekeza kuti mkamwini akhazikika pa uphunzitsi, koma mtima wa Baekeland udali pa kupanga zinthu zogulitsika. Chaka chomwe adakwatiracho adagwiritsa ntchito thandizo la ndalama zoyendera maiko ena, ndipo atafika ku New York sadabwererenso kukakhala kwawo. Adagwira ntchito zaka ziwiri pa kampani yopanga zipangizo zojambulira zithunzi ya E. and H.T. Anthony, kenako adasiya kuti aziyendetsa zake. Apa zinthu zidamuvuta. Adayamba ntchito zambiri nthawi imodzi osamaliza ngakhale imodzi, ndalama zidatha, ngongole zidachuluka, ndipo adadwala kwambiri. Ali chigonere adatsimikiza zosiya zonse n'kugwira chimodzi chokha chimene chikadamutulutsa msanga mu umphawi.

Chimene adasankha chidali pepala lotsukirapo zithunzi. Masiku amenewo wojambula ankadalira dzuwa kuti chithunzi chituluke papepala, kotero tsiku la mitambo ntchito inkaima. Baekeland adapanga pepala lotchedwa Velox limene munthu ankatha kutsukirapo chithunzi usiku pa kuwala kwa nyale. Mu 1893 iye ndi mnzake Leonard Jacobi adatsegula kampani ya Nepera Chemical ku Yonkers, pafupi ndi New York. Poyamba akatswiri ojambula adalikana pepalalo, koma anthu wamba ojambula mongosangalala adalikonda. Mu 1899 George Eastman, mwini wake wa Kodak, adagula kampaniyo pa mtengo wa madola 750,000, ndipo adagwirizana kuti Baekeland asagwirenso ntchito ya zithunzi kwa zaka 20. Mwana wa wosoka nsapato uja adalemera ali ndi zaka 35. Adagula nyumba yotchedwa Snug Rock ku Yonkers komweko n'kukonza labotale yakeyake kuseri. Chuma chidabwera banjali litaika kale maliro a mwana wawo woyamba, Jenny, amene adamwalira ali wamng'ono. Adatsala ndi awiri, George ndi Nina.

Tizilombo ta ku India ndi mawaya a magetsi

Zaka zimenezo magetsi ankafalikira mofulumira ku America ndi ku Ulaya, ndipo waya aliyense ankafunika chomukuta kuti asagwire munthu kapena kuyatsa nyumba. Chimodzi mwa zinthu zimene ankadalira chidali shellac, utomoni umene tizilombo tina timasiya panthambi za mitengo ku India ndi maiko oyandikana nawo. Anthu ankapala utomoniwo ndi manja, ndipo pankafunika tizilombo tosawerengeka ndi miyezi ingapo kuti papezeke wochepa chabe. Mtengo wake udakwera. Baekeland adaona kuti amene angapange utomoni wotere m'fakitale adzakhala ndi msika wosatha.

Adatembenukira ku mankhwala awiri otsika mtengo. Oyamba ndi phenol, wochokera ku phula la malasha, yemwe kale madokotala ankaphera majeremusi pochita opaleshoni. Achiwiri ndi formaldehyde, amene a zaumoyo amamudziwa bwino chifukwa ndi amene ali m'mankhwala osungira mitembo kumochale. Kusakaniza ziwirizi sikudali kwachilendo. Mu 1872 katswiri wa ku Germany, Adolf von Baeyer, adaona kuti mankhwala a mtundu umenewu akakumana amatulutsa chiphalaphala chomata, ndipo ena amene adayesa pambuyo pake ankapeza chimodzimodzi: chinthu chakuda, chothovoka, chouma gwa m'botolo, chosachoka ndi madzi kapena asidi. Ambiri ankangotaya botolo lonse n'kuyamba zina.

Baekeland adaganiza mosiyana. Ngati chinthucho chikukana kusungunuka ndi chilichonse, ndiye kuti chili ndi ntchito, bola munthu achiumbe chisadaume. Iye ndi womuthandiza wake Nathaniel Thurlow adakhala zaka zingapo akusinthasintha muyeso, kutentha ndi nthawi, akulemba zonse m'makope. Vuto lalikulu lidali thovu: akatenthetsa, mpweya unkatuluka n'kusiya chinthu chabowobowo chosweka msanga. Ena adayesa kuchepetsa moto kuti thovu lichepe. Iye adawonjezera moto, koma mkati mwa chithanki chachitsulo chotsekedwa zolimba, chooneka ngati dzira, momwe mphamvu ya mpweya wopanikizika inkaletsa thovu kutuluka. M'chaka cha 1907 mudatuluka chinthu cholimba, chosalala, chotenga maonekedwe a chikombole chilichonse. Adachitcha Bakelite, kuchokera ku dzina lake. Mu Julayi chaka chomwecho adakalembetsa umwini wa luso lake, ndipo adangopambana ndi tsiku limodzi James Swinburne wa ku Britain, yemwe ankalondola njira yofanana. Adalengeza poyera kwa akatswiri anzake ku New York mu Febuluwale 1909.

Amayi oumba mbiya amvetsa msanga mmene Bakelite imakhalira. Dothi likadali lonyowa mumaliumba mmene mukufunira, koma mukaliwotcha silibwereranso kukhala dothi, ngakhale mulimize m'madzi chaka chathunthu. Bakelite nayo ikaphikidwa, tizigawo take timagwirana mbali zonse ngati ukonde, ndipo kutentha sikuisungunulanso. Sidutsa magetsi, sichita dzimbiri, sigwira moto msanga. Ngati kunyumba kwanu kuli poto wakale wa chogwirira chakuda cholimba chimene sichisungunuka pamoto, kapena swichi yakale yabulauni ya pakhoma, mudagwirapo mtundu wa pulasitiki imeneyi.

Mu 1910 adakhazikitsa kampani ya General Bakelite, ndipo msika udabwera wokha. Opanga galimoto, matelefoni ndi mawailesi adali oyamba. Kenako zidatsatira zolembera, mabatani, mikanda, zisa, zogwirira za masimbi. Mu 1924 nkhope yake idatuluka pachikuto cha magazini ya Time, ndipo chaka chomwecho adali pulezidenti wa bungwe la akatswiri a kemisitile ku America. Ankaphunzitsanso pa yunivesite ya Columbia. Chizindikiro cha kampani yake chidali chilembo B, pansi pake pali kachizindikiro ka masamu kotanthauza chinthu chopanda malire. Iwo ankatanthauza kuti ntchito za Bakelite n'zosawerengeka. Woona lero angaganize kuti ankanena za nthawi imene pulasitiki imakhala m'nthaka.

Tisamunamizire mkuluyu. Jumbo ya pamsika si ya Bakelite, ndipo iye adamwalira asadaione. Majumbo ndi a polyethylene, imene akatswiri a kampani ya ICI ku England adaitulukira mwangozi mu 1933. Nayiloni idapangidwa ndi Wallace Carothers ku kampani ya DuPont mu 1935. Thumba logwirira m'manja limene timalidziwali lidachokera ku Sweden, komwe kampani ya Celloplast idalembetsa umwini wake mu 1965. Zinthu za Baekeland zidali zolemera, zopangidwa kuti munthu agwiritse ntchito zaka makumi. Chimene iye adachita ndi kutsegula chitseko: adaonetsa kuti fakitale ingathe kupanga chinthu chimene chilengedwe sichidapangepo. Obwera pambuyo pake adatenga chinthu chosawola n'kupangira zinthu zogwiritsa ntchito mphindi zisanu.

Kuphwanyika si kuwola

Tsamba la nthochi likagwa, chiswe, nyongolotsi, nkhungu ndi tizilombo tosaoneka zimaligawana mpaka lisanduke manyowa. Zamoyozi zidazolowera chakudya chotere kuyambira kalekale. Pulasitiki ndi mlendo, ndipo pafupifupi zonse sizidziwa koyambira. Chimene chimaigonjetsa ndi dzuwa ndi kukhuzika. Taonani thumba la feteleza limene lakhala padenga la khola chilimwe chonse: mukaligwira limanyenyeka ngati ufa. Beseni loiwalidwa padzuwa limang'aluka. Anthu timati latha, koma langosanduka zidutswa zing'onozing'ono zimene zikadali pulasitiki. Kafukufuku wa 2017 wotsogozedwa ndi Roland Geyer adawerengera kuti kuyambira 1950 dziko lapansi lidapanga matani 8.3 biliyoni a pulasitiki. Mwa imene idatayidwa, 9 pa 100 iliyonse ndiyo idakonzedwanso, 12 idawotchedwa, ndipo 79 ili m'maenje a zinyalala, m'nthaka ndi m'madzi.

Mu 1972 Edward Carpenter adalemba za tizidutswa ta pulasitiki toyandama pakati penipeni pa nyanja ya Atlantic, koma sadamveke kwenikweni. Mu 2004 Richard Thompson wa yunivesite ya Plymouth adaonetsa kuti mchenga ndi madzi a m'nyanja zadzaza tizidutswa totere, ndipo dzina lakuti microplastics lidafala kuchokera pamenepo. Limatanthauza kachidutswa kalikonse kochepera mamilimita 5, ndiye kuti kuyambira kukula kwa njere ya mpunga kutsika mpaka tosaoneka. Tina timachokera ku majumbo ndi mabotolo, tina ku matayala akamakhuzika pamsewu, ndipo tambiri ndi ulusi wothothoka ku zovala za poliyesita ndi nayiloni pochapa, zomwe zadzaza m'mabelo a kaunjika.

Dolofini amaoneka ngati nsomba koma si nsomba. Amabereka mwana wamoyo, amayamwitsa, magazi ake ndi ofunda, ndipo amapuma mpweya kudzera pa bowo la pamutu. N'chifukwa chake asayansi amamuyang'anitsitsa: thupi lake likufanana ndi lathu kuposa la chambo, amakhala zaka makumi angapo, ndipo amadya nsomba zimene anthu a m'mphepete mwa nyanja amadyanso. Mu 2019 Sarah Nelms ndi anzake a ku yunivesite ya Exeter ndi labotale ya zam'nyanja ya Plymouth adang'amba nyama 50 za mitundu 10 zimene zidafera m'magombe a Britain. Iliyonse idali ndi tizidutswa ta pulasitiki m'mimba kapena m'matumbo, pafupifupi 5 kapena 6 pa nyama, ndipo 84 pa 100 tidali ulusi. Chiwerengerocho n'chochepa pa nyama yaikulu chotero, zomwe zikuonetsa kuti tambiri timatuluka ndi ndowe. Koma si tonse. Mu 2023 akatswiri a yunivesite ya Duke adapeza tizidutswa m'mafuta a pansi pa khungu ndi m'mapapo a nyama ziwiri mwa zitatu zilizonse zimene adaziyeza.

Kafukufuku amene adadzidzimutsa ambiri adatuluka mu Okutobala 2024. Miranda Dziobak ndi anzake a College of Charleston adapezerapo mwayi pa nthawi imene madokotala a nyama amagwira madolofini amoyo kuti awayeze thanzi n'kuwabwezera m'madzi. Ankaika kambale koyera pamwamba pa bowo lopumira kuti nyama ipumirepo. Adayeza madolofini 11, asanu a ku Sarasota Bay ku Florida ndi asanu ndi mmodzi a ku Barataria Bay ku Louisiana, ndipo mpweya wa onsewo udali ndi pulasitiki, yambiri ya mtundu wa ulusi wa zovala. Sarasota ndi dera la tawuni, pomwe Barataria ndi kumadambo kwa anthu ochepa, koma zotsatira zidafanana pa mfundo imeneyi. Mafunde akamasweka, thovu limaphulika n'kuponyera tizidutswa mumpweya, pomwe dolofini amapumira, ndipo iye amapuma mozama kwambiri kuposa munthu.

Anamgumi ena amameza zambiri koposa. Akatswiri a yunivesite ya Stanford adawerengera mu 2022 kuti namgumi wamkulu kuposa onse, wa mtundu wabuluu, angathe kumeza tizidutswa 10 miliyoni patsiku, ndipo pafupifupi tonse timabwera kale tili m'mimba mwa tinkhanu timene amadya. Ena amafa imfa ya mbuzi ya ku Mponela. Mu 2019 ku Philippines kudafa namgumi amene adapezeka ndi makilogalamu 40 a pulasitiki m'mimba, kuphatikizapo matumba 16 a mpunga. Mimba idali yodzaza, nyama ikufa ndi njala.

Wina angafunse kuti ife a kumapiri zikutikhudza bwanji. Mvula ikagwa kumadzulo kwa Dowa ndi Ntchisi, madzi a m'ngalande ndi m'makwawa amathira mu Bua, yemwe amakalowa m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Nyanjayo imatulukira mu Shire, Shire mu Zambezi, Zambezi m'nyanja ya India ku Mozambique, komwe kuli madolofini ndi anamgumi. Njira ilipo ndithu. Komabe nyanja yathu ndi yakuya, ndipo madzi amene amatulukira ku Mangochi ndi ochepa poyerekeza ndi amene amauma ndi dzuwa, kotero jumbo yambiri yotayidwa pa Madisi sidzafika ku Mozambique. Idzatsala m'munda, m'dambo, m'mimba mwa mbuzi, kapena m'nyanja imene timapezamo usipa ndi utaka. Ku nyanja ya Victoria, kafukufuku wa 2016 wa ku Mwanza m'dziko la Tanzania adapeza pulasitiki m'nsomba imodzi mwa zisanu zilizonse, ndipo zina mwa nsombazo zidali za m'banja la chambo. Usipa timadya ndi matumbo omwe.

Nanga m'thupi mwa munthu?

Mu 2022 akatswiri a ku Amsterdam adapeza pulasitiki m'magazi a anthu 17 mwa 22 amene adawayeza. Madokotala a ku Rome adaipeza m'nsengwa za amayi amene angobereka, kenako mumkaka wa m'mawere wa amayi 26 mwa 34. Kafukufuku wa ku Italy komweko wa 2024 adatsatira odwala 257 amene adachitidwa opaleshoni yochotsa mafuta otseka mitsempha ya m'khosi. Oposa theka adali ndi pulasitiki m'mafutawo, ndipo m'zaka pafupifupi zitatu zotsatira, amenewa adadwala mtima, kufa ziwalo kapena kumwalira mochuluka kuposa kanayi poyerekeza ndi anzawo. Zotsatirazi zikusonyeza kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo akatswiri akufufuzabe ngati pulasitikiyo ndi imene imayambitsa matendawo. Bungwe la WHO, mu lipoti lake la 2019 lonena za madzi akumwa, lidati chiopsezo chachikulu chikadali majeremusi.

Mfundo ya WHO iyi ndi yofunika kwa inu alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya, chifukwa uthenga wa pulasitiki ukapotoka ungathe kupha. Mayi asasiye kuyamwitsa. Ngakhale amene adapeza tizidutswa mumkaka adanenetsa kuti bere likadali chakudya chabwino koposa kwa khanda. Botolo loyamwitsira ndiye lili ndi mlandu waukulu: akatswiri a Trinity College ku Dublin adapeza mu 2020 kuti mabotolo otere akathiridwa madzi otentha amatulutsa tizidutswa mamiliyoni. Ndowa yovundikira yokhala ndi mpopi, yothiridwa kolorini, ndi ya pulasitiki, koma imatchinjiriza kolera. Neti yogonamo ndi ya pulasitiki. Malo ake ndi pabedi, chifukwa ikapita kukakokera usipa kapena kukatchinga dimba, mwana amatsala ndi udzudzu ndipo netiyo imanyenyekera m'madzi ndi m'nthaka. Jekeseni wogwiritsa ntchito kamodzi, thumba la diripi, thumba la magazi, zonsezi ndi zidzukulu za ntchito ya Baekeland, ndipo zapulumutsa anthu osawerengeka.

Pamene tingachepetse popanda kutaya kanthu ndi pamene pulasitiki ikukumana ndi moto. Kutentha ndi mafuta zimafulumizitsa kutuluka kwa tizidutswa ndi mankhwala amene amathiridwa popanga pulasitiki. Chipisi chochoka pa chiwaya chimathiridwa mu jumbo yopyapyala mpaka jumboyo kukwinyika. Ena amavundikira mbatata, chinangwa kapena mondokwa ndi pepala la pulasitiki kuti zipse msanga, pomwe agogo ankavundikira ndi masamba a nthochi kapena makoko a chimanga, zomwe zikadalipo. Phala la mwana lotentha limathiridwa m'kapu yapulasitiki yokalipa ndi yong'aluka, chikho chachitsulo chili pa thandala. Choipa koposa, kwa ine, ndi chizolowezi chokolezera mbaula ndi jumbo. Utsi wake ndi wapoizoni, ndipo amene amawerama kuuzira moto nthawi zambiri ndi mtsikana wamng'ono kapena mayi wobereka khanda kumbuyo. Zitsononkho, udzu wouma ndi makoko a mtedza zimakoleza moto bwinobwino. Kumsika nako, dengu ndi basiketi ya mlaza zidatumikira makolo athu jumbo isadabwere. Mbuzi zimatsata jumbo chifukwa cha mchere ndi mafuta otsalira, kotero dzala lotchingidwa limapulumutsa chiweto chimene chikadalipira fizi.

Lamulo lilipo. Boma la Malawi lidaletsa mu 2015 kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala ochepera mamaikuloni 60, omwe ndi aja ong'ambika mukangonyamula kamodzi. Makampani opanga adakatenga chiletso ku khoti, ndipo nkhani idakokeka mpaka pa 31 Julayi 2019 pomwe khoti la Supreme lidagamula mokomera boma. Majiga-Kamoto adalandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyi. Ziletso zina zidatsatirabe m'zaka za pambuyo pake, ndipo pa nthawi yonse yokanganayo majumbo ankapitirira kuuluka m'misika. Lipoti la 2019 lidati dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo 80 pa 100 ndi yogwiritsa ntchito kamodzi.

Masiku otsiriza

Baekeland sadaone chilichonse mwa izi. Atakalamba ankafuna kusiyira kampani mwana wake George, koma awiriwa sankamvana pa za ndalama, ndipo mwanayo adalibe mtima wa bizinesiyo. Mu 1939 mkuluyo adagulitsa kampani yonse kwa Union Carbide. Adali ndi nyumba ku Coconut Grove ku Florida, m'mphepete mwa Biscayne Bay, komwe ankasamala munda wa zipatso ndi mitengo ya kumaiko otentha n'kumayenda panyanja ndi boti lake lotchedwa Ion. M'madzi amenewo mumakhala madolofini a mtundu womwe uja adayezedwa mpweya ku Sarasota, tsidya lina la Florida yemweyo.

Pamene zaka zinkapita adayamba kudzipatula. Munthu wa chuma chonsecho ankakhala m'chipinda chopanda katundu wambiri, akudya yekha zakudya za m'zitini, ndipo nzeru zake zidayamba kufooka. Adamwalira pa 23 Febuluwale 1944 pa chipatala china ku Beacon m'chigawo cha New York, mtsempha wa mu ubongo utaphulika, ali ndi zaka 80. Adaikidwa kumanda a Sleepy Hollow. Panthawiyo dziko lonse linkapanga matani pafupifupi 175,000 a Bakelite pachaka. Lero mapulasitiki a mitundu yonse amaposa matani 400 miliyoni pachaka. Chithanki chake chachitsulo chooneka ngati dzira chija chikusungidwa ndi nyumba ya zinthu zakale ya Smithsonian ku Washington, ndipo matelefoni ndi mawailesi a Bakelite a m'zaka za m'ma 1930 akugulitsidwabe m'masitolo a zinthu zakale, ambiri akadali athunthu ndi onyezimira.